Mimba ya a Fisi ndi Mpopi wa Pamsika

Panangokhala, inu a makutu senderani kuno, nyengo ija nyama zinatopa ndi moyo wa m'tchire n'kumanga tauni. Zinasankha a Nyamalikiti kukhala meya, poti ankaona patali, ndipo ntchito ya madzi zinaipereka kwa a Mvuu.

A Mvuu anagwira ntchito, pamenepo tisawamane ulemu. Anamanga thanki kumtunda, anakwirira mapaipi mpaka pamsika, ndipo m'mawa uliwonse ankathira okha m'thankimo mankhwala ophera tizilombo. Kuyambira nthawi imeneyo palibe mayi amene anagwidwanso padooko ndi Ng'ona, yemwe anakana kusamukira m'tauni. N'zoona kuti madzi ankatuluka m'mawa mokha, dzuwa likafika pamutu mpopi n'kumangopuma mpweya, koma amene anatayapo mbale wake kumtsinje sankadandaula nazo zimenezo.

Tauniyo inali ndi lamulo loti wina asatunge madzi wolawa asanalawe. Woyamba pa ntchito yolawayo anali a Gwape. Anagwira miyezi iwiri, koma madzi akangosintha pang'ono, iwo ndi mphasa. Atachotsedwa analowa a Njiwa, nawonso chimodzimodzi: lero abwera, mawa atumiza uthenga woti m'mimba simuli bwino. Khonsolo inatopa nazo.

"Tikufuna wolawa wosadwaladwala," anatero a Meya. "Ntchito ya boma si yojomba."

Anafufuza tauni yonse n'kupeza mmodzi yekha amene chibadwire sanagonepo chifukwa cha mimba. Ameneyo anali a Fisi. Analawa madzi zaka zisanu ndi ziwiri osajomba ndi tsiku limodzi lomwe, mpaka khonsolo inawaveka mendulo.

Kulawako kunali ndi nyimbo yake. A Fisi akanyamula chikho pampopi wa pamsika, amayi ankayamba kuwomba m'manja. Mmodzi ankatsogolera kufunsa ngati mwamuna uja wamwa, anzake n'kuvomera kuti wamwa. Ankafunsanso ngati wagwa, anzake n'kukana, ndipo pa mawu okanawo onse ankagunda phazi pansi ndi kugogoda ndowa. Akatero katatu, woyamba pamzere ankatchera madzi.

Pamsika pomwepo panali Gologolo, mayi wogulitsa thobwa. Anali ndi mbiya ziwiri zomwe anamusiyira malemu amake, zakuda ndi utsi, ndipo thobwa la m'menemo linkadziwika tauni yonse. Pakamwa pakenso pankadziwika. Chimene anzake sankadziwa n'chakuti moyo wa m'tauni unkamuvuta mano. Mano a gologolo amakula osaleka, pamene zakudya za m'tauni n'zofewa. Mwamwayi, kuseri kwa msika, pomwe pankadutsa ngalande yochokera kuchimbudzi ndi kotsukira nsomba, mvula inakokolola dothi n'kusiya poyera muzu wina wakuda, wosalala, wolimba bwino. Masana aliwonse malonda akazizira, Gologolo ankakakhala pamuzupo n'kumaukukuta. Ankati nzeru zimamubwerera akamakukuta.

Mwezi wina m'mimba munavuta. Anayamba ana a Mbira, kenako banja lonse la a Nungu, kenako aliyense wa kumsika, mpaka njira ya kuchimbudzi inachita kusalala. Pa nyimbo ya m'mawa amayi ankachoka mmodzimmodzi isanathe, ndowa kuzisiya pamzere. A Meya anaitanitsa msonkhano pamsika pomwepo.

"Bambo Mvuu, ndi madzi anu kodi?"

"Madzi anga amalawidwa, bwana. A Fisi ndi awa."

"A Fisi, muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu bwana. Ndingoti kanjala."

"Ndiye si madzi," anatero a Meya. "Nanga odwalawa akulowetsa chiyani pakamwa chofanana?"

Maso onse anatembenukira ku mbiya za Gologolo.

"Musandiyang'ane choncho," anatero Gologolo. "Thobwa langa limawira kawiri. Kachilombo kopirira moto wanga sikanabadwe. Inu nomwe, bwana, munamwa zikho zinayi Lachisanu, ndipo mwaima chilili."

"Ine mimba yanga ili kutali, mayi. Zinthu zimachedwa kufika."

Anagamula kuti amupatse Gologolo masiku atatu. M'mawa uliwonse abwere pampopi ndi umboni woti vuto ndi madzi. Akalephera tsiku lachitatu, mbiya zonse ziwiri ziswedwa pagulu, iye n'kubwerera kutchire. Kunena chilungamo, a Meya sanagamule mwankhanza. Ana ankadwala, makolo ankafuna dzina la wolakwa, ndipo mbiya ziwiri sizivuta kuswa ngati thanki.

Gologolo anathamangira kunyumba, nazigwira mbiya zija m'milomo mwake ngati akugwira masaya a amake. Kenako anapita kumuzu wake uja. Anakukuta, nakukuta, mpaka nzeru inabwera. Anaganiza kuti a Fisi sadwala chifukwa amamwa chikho chimodzi chokha, pamene ena amamwa tsiku lonse.

Kutacha anafika pampopi ndi ndowa zitatu. A Fisi ankamutcha mlamu, ngakhale palibe ankadziwa komwe chilamucho chinachokera. Gologolo ankati chinachokera pa thobwa laulere.

"Alamu," anatero Gologolo mokweza kuti onse amve, "ine ndakhala ndikukukanirani. Anthu akuti mumangonyowetsa milomo, madzi enieni mumawaopa."

"Akutero ndani?"

"Sinditchula. Ena akutinso mendulo ija inayenera kupita kwa a Gwape."

A Fisi anataya chikho, nanyamula ndowa. Anamwa yoyamba, anamwa yachiwiri, yachitatu anaimaliza ndi kunyambita pansi pake. Atatero anatola chikho chija n'kuchitafuna, poti munali mutakhalira fungo la thobwa. Onse anakhala pansi kudikira. Gologolo ankayang'anitsitsa mimba ya a Fisi ngati mphika uli pamoto. Dzuwa linakwera, mpopi unauma, a Fisi anagona tulo tabwino. Podzuka anangogeya kamodzi n'kufunsa ngati patsala chikho china.

"Tsiku loyamba latha," anatero a Meya.

Amayi anaimba nyimbo ija. Mwamuna anali atamwa, ndipo sanagwe. Koma ogunda phazi ankagunda mosamala, ndipo wotsogolera anathawa asanafunse kachitatu.

Gologolo anabwerera kumuzu. Anakukuta mpaka nsagwada zinawawa, nzeru yachiwiri n'kubwera. Akapeza wodwala mmodzi yemwe samwa thobwa, mlandu watha. Ndipo wotero analipo. Abusa a Khwangwala, a kolala yoyera aja, ankalalikira Lamulungu lililonse kuti thobwa logona ndi mng'ono wake wa mowa, ndipo ankati iwo chibadwire sanalilawepo. Nawonso m'mimba munali mutawagwetsa. Gologolo ankadziwa kuti mayi busa amabwera Loweruka lililonse ndi kamtsuko kobisa m'chitenje, n'kumati n'ka alendo, ndipo amasankha logona masiku atatu. Koma ankadziwanso kuti abusa sangavomere zimenezo pagulu.

Tsiku lachiwiri abusa anabwera atachita kugwiriziridwa mbali zonse, mapiko ali lende.

"Abusa," anatero Gologolo mwaulemu wonse, "mukudwala?"

"Kwambiri, mwana wanga."

"Madzi mumatunga kuti?"

"Pampopi pano."

"Tsopano auzeni a Meya. Thobwa langa inu munamwapo?"

Abusa anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Dzulo lake anali atayenda ulendo wa kuseri kakhumi ndi kamodzi, ndipo anali atatsimikiza kuti akufa.

"Abale," anatero, "ine ndikuona kuti nthawi yanga yakwana, ndipo sindikufuna kupita ndi katundu. Alendo a Loweruka aja ndine."

"Abusa, ganizani bwino," anatero Gologolo.

"Zaka zinayi, mwana wanga. Logona lenileni. Nthawi zina ndinkathira ndi shuga."

"Abusa, kulapa kuli ndi tsiku lake. Lero ndi Lachinayi."

Koma abusa anali atatsegula, sakanatsekanso. Analapa za thobwa, analapa za mazira a eni, akanapitirira mayi busa akanapanda kuwatseka mlomo ndi chitenje. A Fisi anaseka mpaka kugwa chagada, ndipo kanali koyamba kuti agwe pampopi. Atadzuka anamwa chikho chawo. Nyimbo inaimbidwa ndi amayi anayi okha, wofunsa mmodzi, oyankha atatu, ndipo phazi panalibe analimba mtima kugunda.

"Mawa tibwera ndi nyundo," anatero a Meya, ndipo sananene mokondwa.

Masana amenewo Gologolo anakukuta muzu uja kuposa masiku onse. Mano analowa mozama, muzu n'kumalira kamluzu ngati munthu akuyamwa mpweya m'mano, koma iye sanasamale. Maganizo ake anali pa mbiya. Ankaona nyundo ikutsika, ankamva kulira kwa dothi louma likusweka. Fungo la ngalande linkamulowa m'mphuno, ndipo mumtima anati, zonunkha ngati izi a Fisi okha ndi amene angamwe. Anasiya kukukuta. Anayang'ana ngalandeyo, nayang'ananso. Kenako anathamangira kwa abusa.

"Abusa, popeza mwayamba kunena zoona, musasiye. Mawa m'mamawa muyende nane. Simunyamula kanthu, muzingoona."

Tsiku lachitatu tauni yonse inasonkhana, odwala omwe. Mbiya ziwiri zija anaziika pakati, nyundo pambali pake. Gologolo anafika atavala chitenje chakutha, maso ali pansi, atanyamula zikho zitatu zovundikira pa lichero.

"Umboni uli kuti, mayi?" anafunsa a Meya.

"Ndilibe, bwana. Ndagonja. Muswe. Ndingopempha kanthu kamodzi ndisanapite."

"Nenani."

"Kutchire komwe ndikupitako kulibe mpopi. Ndapeza malo atatu otungapo madzi, koma ine ndine mbuli, sindidziwa abwino ndi ati. Katswiri wathu andilawireko, ndisakafe ndekha kumeneko."

Amayi ena anagwetsa misozi. A Mvuu anatsokomola n'kuyang'ana kumbali, poti sanali a mtima wouma. A Meya anavomera, ndipo a Fisi anakonza mendulo yawo n'kusendera pafupi.

"Koma alamu," anatero Gologolo, "musangomwa. Mundiuze mmene akukomera, kuti ndikawazindikire."

A Fisi anadabwa. Zaka zisanu ndi ziwiri palibe anawafunsapo funso lotero. Anavundukula chikho choyamba, namwa pang'onopang'ono, natsinzina.

"Awa ndi abwino. Ali ndi thupi. Mukumveka dothi, mukumveka udzu, ndipo chakumapetoku mukumveka ngati munasamba munthu wonenepa. Mwani, alamu, mukhuta."

Anatenga chachitatu asanatenge chachiwiri, poti chinali pafupi. Anamwa, nakwinya nkhope.

"Awa ayi. Mulibe kanthu. Ali ngati wamwa mphepo. Awa musamwe, muwonda."

Kenako ananyamula chachiwiri. Atangolawa anaseka, nagwedeza chala.

"Alamu, mwafuna kundiyesa. Awa si a kutchire. Awa ndi a pampopi pathu pano."

"Mukutsimikiza, alamu?"

"Ine ndingasokoneze madzi anga? Kamchere aka, kafungo ka mamba a nsomba aka, ndi kena aka kosatchulika pamaso pa apongozi. Ndi omwewa ndakhala ndikumwa mwezi wonse uno. Kungoti awa ndi okhathamira, a pampopi amakhala osungunula."

Pamsika onse anayang'anizana. Gologolo nayenso anadzidzimuka, chifukwa iye ankangofuna kuonetsa kuti a Fisi savuta kumwetsa. Izi zinali zoposa zomwe anatchera. Anakweza mutu, maso ali gwa, chisoni chonse chitatha.

"Abusa, auzeni anthu komwe tinatunga."

Abusa anaimirira motsamira ndodo. "Chikho choyamba tinatunga m'chithaphwi chomwe a Njiri amagudubuzikamo. Chomwe akuti mulibe kanthu ndi madzi a pampopi pano, koma tawawiritsa n'kuwaziziritsa. Chomalizachi tinatunga m'ngalande ya kuseri kwa msika, mmunsi mwa chimbudzi. Ndinaona ndi maso anga, ndipo masiku ano sindinama."

Phokoso linabuka. Ena ankalavula, ena ankatukwana, a Nungu anaimitsa minga yonse. A Meya anatsitsa khosi mpaka nkhope yawo inafika pa nkhope ya a Fisi.

"Mwezi wonse madzi akukoma chimbudzi, inu osanena?"

"Munandifunsa liti, bwana? Inu mumafunsa ngati ndili bwino. Nyimbo imafunsa ngati ndagwa. Ine ndili bwino, ndipo madzi sanandigwetsepo."

A Fisi sananame. Lilime lawo linali lakuthwa kuposa la wina aliyense. Mimba yokha ndi imene inalibe mawu.

Tsopano a Mvuu anaimirira, nkhope itagwa.

"M'thanki mwanga mulibe ngalande," anatero. "Mankhwala ndimathira ndi manja angawa. Ngati zalowa, zalowera panjira. Tiyeni tiitsate paipi."

"Tiyeni," anatero Gologolo. "Ngalandeyo ndikuidziwa bwino, nditsogola ine."

Anatsogoladi, mchira uli m'mwamba, tauni yonse pambuyo. Panjira ankalonjera odwala, kuwauza kuti apepese mbiya zake akachira. Atafika kuseri kwa msika analoza pomwe anatunga. A Mvuu analowa m'ngalandemo, nafufuza ndi phazi, naima pa muzu wakuda uja.

"Ndi iyi," anatero.

"Umenewo ndi muzu, bambo," anatero Gologolo.

"Muzu wanji wolembedwa manambala? Iyi ndi paipi ya kumsika."

Mchira wa Gologolo unatsika pang'onopang'ono mpaka unakhudza pansi.

A Mvuu anapukuta matope. Paipiyo inali ndi mabowo, ndipo mabowowo anali awiriawiri, oyandikana, ondondozana bwino ngati wina wasoka. Anafotokoza kuti m'mawa madzi akamayenda amatulukira m'mabowomo n'kusakanikirana ndi ngalande, ndiye palibe amaona. Masana madzi akasiya, paipi imayamwa chilichonse chili pafupi, n'kuchisunga mpaka m'mawa.

"Awa ndi mano," anatero a Meya. "Onse a mano awiri akutsogolo aime pamzere. Aliyense aika pakamwa pake pamabowopa."

Anaima a Mbewa, anaima a Khoswe, anaima a Nungu. A Mbewa mano anachepa. A Khoswe anatsala pang'ono, ndipo anachoka akutuluka thukuta. A Nungu anakulitsa. Gologolo anali atayamba kubwerera chambuyo, milomo atatseka ndithu.

"Ndikaone moto," anang'ung'udza osatsegula pakamwa.

"Alamu," anatero a Fisi, omwe anali asanaiwale chikho choyamba chija, "chiyambire kukudziwani sindinaonepo pakamwa panu patatsekedwa. Tasekani pang'ono."

"Ndili pa chisoni."

"Mwapambana mlandu. Sekani."

Gologolo anayang'ana kumanzere, kunali a Nungu. Anayang'ana kumanja, kunali a Mvuu. Anaseka. Pakati pa mano ake awiri panali kachibenthu kakuda, konyezimira.

Phokoso lachiwiri linaposa loyamba. Wina anafuula kuti nyundo ibwere. Gologolo zinamupwetekadi, chifukwa ana a Mbira aja ankawakonda, ankawapatsa thobwa la pansi pa mbiya osalipira. Koma mbiya zinali zikadali pakati pa msika, nyundo pambali pake. Analumphira pamwamba pa paipi pomwepo.

"Mano ndi anga, sindikana, ndipo kwa odwala nonse ndapepesa. Koma bwana, ndifunseko. Mlandu wanga unali wa chiyani?"

"Wa thobwa," anatero a Meya.

"Munati ndikaonetsa kuti vuto ndi madzi, mbiya zanga sizisweka. Ndaonetsa kapena sindinaonetse?"

"Mwaonetsa. Koma madziwo mwawaipitsa ndinu."

"Ndi mano, bwana, osati ndi mbiya. Mbiya zilibe mano. Ngati pali choswa, iswani mano, koma mudziwe kuti amameranso."

Ena anaseka osafuna. Gologolo sanapume.

"Ndifunsenso. Paipi ya madzi akumwa imatani m'ngalande ili maliseche? Ine ndinabadwira m'tchire. Chinthu chakuda chotuluka m'dothi kwathu timati muzu. Ndani anandiuza?"

A Mvuu anapumira m'mwamba. Akanatha kukhala chete, poti palibe ankadziwa, koma sanatero.

"Apo mayiyu akunena zoona. Ndinaiona mvula itangotha kuti yatulukira poyera. Ndinati ndidzakwirira mawa. Mawa lake ndi lero."

"Nanga chimbudzi anamanga pamwamba pa paipi ndani?" anafunsa mayi busa kumbuyo.

A Meya anakweza khosi msanga, nayang'ana patali ngati aona kanthu kofunika. Chimbudzicho anatsegulira okha, ndi riboni.

Atatsitsanso khosi anagamula. A Mvuu asinthe paipi ndi kuikwirira mozama tsiku lomwelo. Khonsolo isunthe chimbudzi. Aliyense awiritse madzi mpaka m'mimba mutakhazikika. A Fisi asunge mendulo yawo, koma kuyambira tsopano azinena mmene madzi akukomera, asamadikire kugwa.

"Ndipo mbiya zanu, mayi, tengani. Zilibe mlandu."

Gologolo anagwada, nawomba m'manja, nayamba kunyamuka.

"Sindinamalize. Taona kuti tinalakwitsa posankha wolawa wosadwala. A Gwape aja tinawachotsa chifukwa chogwira ntchito bwino. Tsopano tikufuna wina wa mimba yaing'ono, yosachedwa kuyankha, azimwa pambuyo pa a Fisi tsiku lililonse. A Gwape anakalamba. Mayi, mimba yanu ndi yotani?"

"Yolimba kwambiri, bwana. Ya kumtundu. Agogo anga ankadya miyala."

"Alamu akunama," anatero a Fisi. "Chaka chatha anadya mango amodzi osapsa, anatseka malonda masiku awiri."

Choncho Gologolo ananyamula mbiya zake, imodzi pamutu, ina kumsana, nabwerera nazo zamphumphu. Koma kuyambira m'mawa wotsatira ankaima pampopi pambali pa a Fisi, kachikho kali m'manja. Nyimbo ija inasintha. Wotsogolera anayamba kufunsa a Fisi zomwe lilime lamva, iwo n'kuyankha okha ndi mawu awo okhuthala. Kenako amafunsa ngati mayi uja wamwa, n'kufunsanso ngati wathamanga, ndipo apa amayi saimba mofulumira. Amakoka mawu, maso ali pa Gologolo, mpaka atatsimikiza kuti waima.

Paipi ya tauni imeneyo sinabookenso. Masana aliwonse Gologolo ankaiyendera kuchokera kuthanki mpaka kumsika, ndipo akapeza pena patulukira poyera ankakaima pakhomo pa a Mvuu n'kulankhula mpaka atatuluka ndi khasu. Tsiku lina anapeza a Khoswe akununkhiza paipi, ndipo zomwe anawauza anazimva ndi a Ng'ona kumtsinje. A Mvuu, pofuna mtendere, anamubweretsera chipika cha mtengo wouma choti azikukuta. Iye anati sichikoma ngati muzu uja, koma analandira.

N'chifukwa chake mpaka lero gologolo akatola kanthu sathamangira kudya. Amakagwira ndi manja awiri, kukatembenuza uku ndi uku, kukanunkhiza, kuluma pang'ono, kenako n'kuima chilili kumvetsera m'mimba.

Nthano yanga yaumira pamenepa, ngati mpopi wa masana. Amene watunga avundikire.